Nkhupakupa za kwa Mabulabo zikudikira siginecha

Mlendo amene adagona kwathu kuno ku Mzimba m'nyengo yozizira yapitayi sadabwere kudzacheza. Adafika ndi chikwama cha laputopu, timabotolo tokulunga m'chitenje, ndi maso ofiira a munthu amene wakhala masiku angapo osagona bwino. Ndi mwana amene ndidamuphunzitsa sayansi ali Fomu 3, kale ndisadapume pantchito. Lero ali ndi digiri yaudokotala, akuphunzitsa pa imodzi mwa sukulu zathu zaukachenjede, koma akafika pakhomo panga amagwadabe n'kunena kuti, "Aphunzitsi, ndafika."

Chidamubweretsa ndi ng'ombe zanga. Kumudzi kwathu, m'dera la Inkosi Mabulabo, ndili ndi kakhola kamene mphwanga amandiyang'anira. Dzinja lapitalo tidataya ng'ombe ziwiri, thadzi limodzi ndi mwana wake. Zidayamba ndi kutupa m'munsi mwa makutu, kenako kutentha thupi, kusiya kudya, pamapeto pake thovu m'mphuno. Alangizi a ziweto adati ndi matenda obwera ndi nkhupakupa. Chidandipweteka n'chakuti mphwanga sadagone ayi. Ankapopera mankhwala amene ndinkamugulira ku Jenda, koma pakapita masiku owerengeka nkhupakupa zili mbwee m'makutu ngati sizidalawe kanthu. Nditamudandaulira mwana uja pafoni, adandifunsa mafunso ambirimbiri, kenako adati: "Aphunzitsi, mwina nkhupakupa za kwanuko zidazolowera mankhwalawo. Mwinanso mankhwalawo ndi osungunula kale, kapena muyezo ukulakwika. Popanda kuyeza, tonse tikungolota."

Kuyezako si kwapatali kwenikweni. Amatola nkhupakupa zazikazi zokhuta magazi, n'kuzisunga mpaka ziikire mazira. Tiana take tikaswa, amatiika pa timapepala tonyowetsa ndi mankhwala a mphamvu zosiyanasiyana, n'kuwerenga tingati tafa. Koma kuti yankho likhale lodalirika, uyenera kutola m'makola ambiri: kwa Mabulabo, kwa Khosolo, ku Champhira, ku Embangweni, ku Edingeni mpaka kumalire ku Mqocha. Pamafunika galimoto, mafuta, wothandiza m'labotale, mankhwala oyezera ochokera kunja, ndi kangachepe ka alangizi amene akukuperekeza. Malipiro a mphunzitsi, ngakhale wa kuyunivesite, sangasenze zimenezo. Ndiye adayamba kusaka ndalama, ndipo ine amene ndinkaganiza kuti ntchito ya anthu amenewa ndi kuima kutsogolo kwa kalasi basi, ndidaphunzira zambiri sabata imeneyo.

Ambiri a ife timaona ngati munthu akafika pophunzitsa kusukulu yaukachenjede ndiye kuti wafika. Sitidziwa kuti kumeneko sukwezedwa chifukwa chophunzitsa bwino kokha. Amafunsa kuti wafufuza chiyani, ndipo wasindikiza zingati m'magazini a akatswiri. Wopanda kafukufuku amakalambira pa mpando umodzi. Koma nthawi yofufuzira ili kuti? Mwana uyu ali ndi makalasi odzaza mpaka pakhomo, mapepala a mayeso olemba ndi manja oti achonge yekha, ophunzira a chaka chomaliza oti awayang'anire, ndi misonkhano yosatha. Pulopozo, chikalata chopempherako ndalama chija, amalemba usiku kapena patchuthi. N'chifukwa chake adathawira kwathu kuno, kumene kulibe womugogodera pachitseko.

Ndalama zimenezi zimachokera kuti? Zakwathu zilipo, koma n'zochepa. Lamulo la sayansi ndi luso la 2003 lidakhazikitsa bungwe la National Commission for Science and Technology, limene lidayamba kugwira ntchito mu 2009, ndipo lamulo lomwelo lidakhazikitsanso thumba la ndalama zothandizira kafukufuku. Bungweli limalengeza mipikisano nthawi ndi nthawi, ina mothandizana ndi mgwirizano wa Science Granting Councils Initiative umene udayamba mu 2015 pofuna kulimbikitsa mabungwe ngati amenewa m'maiko a mu Africa. Sukulu zina zaukachenjede nazo zimapatula kangachepe koti aphunzitsi ake ayambirepo. Maiko a mu African Union adagwirizana kale kuti dziko lililonse lizipatula gawo limodzi mwa magawo 100 a chuma chake kuti lipite ku kafukufuku. Masomphenya a Malawi 2063, amene adakhazikitsidwa mu January 2021, nawonso amatchula kafukufuku ndi luso mokweza. Zolemba tili nazo zokongola. Koma funsani mphunzitsi aliyense amene adagwirapo kafukufuku wamkulu kuti ndalama idachokera kuti, adzakulozerani kutsidya kwa nyanja.

Ndipo tisanamizane, ndalama zakunjazo zachita zazikulu. Ku Chilumba m'boma la Karonga, kafukufuku amene adayamba mu 1979 ndi matenda a khate adakula n'kukhala wa TB ndi Edzi, ndipo dziko lonse lapansi laphunzirapo kanthu. Ku Blantyre kuli Malawi-Liverpool-Wellcome kuyambira 1995. Dziko la Norway, kudzera m'ndondomeko yake ya NORHED, laphunzitsa aphunzitsi athu ambiri mpaka digiri yaudokotala. Banki Yaikulu Padziko Lonse idathandiza kukhazikitsa malo a ukadaulo, monga a za nsomba ku Luanar ndi a zaumoyo kusukulu ya madokotala ku Blantyre mu 2016, ndipo pambuyo pake sukulu ya Mzuzu idalandira ake, otchedwa ACENUB, ofufuza zomera ndi zachilengedwe zimene takhala tikuzinyalanyaza. Kwa mphunzitsi wongoyamba kumene kuli timakomo tina ting'onoting'ono: RUFORUM ya ku Kampala imathandiza kafukufuku wa zaulimi wochita pamodzi ndi ophunzira, TWAS ya ku Trieste m'dziko la Italy imathandiza kugula zipangizo za m'labotale, ndipo bungwe la amayi a sayansi la OWSD limapereka mpaka madola 50,000 kwa mayi amene wangomaliza digiri yaudokotala ndipo akufuna kuyambitsa kafukufuku wake kwawo. AWARD ya ku Nairobi imasula amayi ofufuza zaulimi. Ndatchula maina amenewa dala, chifukwa ndikudziwa kuti tsamba lino limawerengedwanso ndi makolo amene ana awo ali kumeneko. Afunseni ngati adagogodako.

Tsono vuto lili apa. Mwini ndalama ndiye amasankha funso. Chilengezo chimene mwana wanga ankapikisana nacho sichinkatchula nkhupakupa. Chinkafuna kafukufuku wa kusintha kwa nyengo, wokhudza amayi ndi achinyamata, wogwiritsa ntchito luso la mafoni. Ndidamuona akupinda nkhani yake ngati mmisiri wopinda chitsulo chozizira. Nkhupakupa zidasanduka "zotsatira za kusintha kwa nyengo". Mphwanga, bambo wa zaka 58, adasowa malo m'chikalatamo, m'malo mwake mudalowa magulu a amayi. Foni idalowa chifukwa idayenera kulowa. Sindikuti zidali zabodza. Nyengo yasinthadi, ndipo kuno kumene amuna ambiri ali ku Joni, amayi ndiwo atsala ndi makola ambiri. Koma funso lenileni, loti kodi mankhwala amene tikugula akuphabe nkhupakupa kapena ayi, lidakankhidwira pa tsamba lachisanu ndi chiwiri.

Ndidamufunsa kuti, "Mwanawe, bwanji osangolemba zimene ukufuna?"

Adaseka. "Aphunzitsi, paja munkatiuza kuti tiziyankha funso limene lafunsidwa, osati limene taliwerengera."

Ndidasowa chonena, chifukwa ndinkaterodi.

Chachiwiri, chilengezocho chinkafuna kuti pakhale mnzake wa kuyunivesite ya ku Ulaya, ndipo ameneyo ndiye akhale mtsogoleri. Adamupeza, munthu wabwino ndithu, koma amene sadaonepo ng'ombe ya mtundu wathu wa linunda. Pa bajeti, tsiku limodzi la mkuluyo linkaposa malipiro a mwezi wathunthu a wothandiza m'labotale wa kuno. Mwana uja sadadandaule. Adangoti zimakhala choncho, ndipo ukakana, ena khumi ali pamzere.

Pali chinthu china chimene ndikufuna abale a anthu amenewa amve, chifukwa chadanitsa mabanja. Mukamva pawailesi kuti mwana wa uje wapata madola zikwizikwi a kafukufuku, musathamangire kukapempha malata. Ndalamayo sigwera m'thumba mwake. Imapita ku akaunti ya sukulu, sukulu imachotsapo gawo lake la magetsi, madzi ndi maofesi, yotsalayo imatuluka pang'onopang'ono, ndipo kwacha iliyonse iyenera kubwerera ndi lisiti. Asadatole nkhupakupa ngakhale imodzi kapena kufunsa mlimi funso limodzi, ayenera kupeza chilolezo ku komiti yoona kuti kafukufuku sakuphwanya ufulu wa anthu kapena kuzunza ziweto. Akachedwa ndi lipoti, gawo lotsatira silibwera. Akasokoneza, dzina lake ndi la sukulu yake zimada limodzi. Akamaliza, magazini ena amafunanso ndalama zambiri za madola kuti asindikize zotsatirazo poti aliyense awerenge mwaulere, ngakhale ena amakhululukira maiko osauka ngati lathu ukapempha.

Ndiye pali kwacha yathu. Mu November 2023 idagwa ndi 44 pa 100 iliyonse tsiku limodzi. Amene adali ndi thandizo lowerengedwa m'makwacha adadzuka m'mawa n'kupeza kuti ndalama yogulira makina yangokwana theka la makinawo. Amene ali ndi madola nawo sali pabwino kwenikweni, chifukwa dola yawo imasinthidwa pa mtengo wa kubanki, pamene wogulitsa katundu m'tauni waika mitengo yake potsatira dola ya pamsika wamseri. Bajeti yolembedwa lero imakayamba kugwira ntchito patatha chaka, mitengo itathamanga kale.

Usiku womaliza ndidzaukumbukira. Khomo la pa intaneti lotumizira pulopozo linkatseka 12 koloko usiku. Zonse zidali zokonzeka kupatula kalata imodzi yochokera kuofesi ina ya kusukulu kwake, yotsimikiza kuti sukuluyo ikuvomereza ndipo idzasunga ndalamazo. Adaipempha milungu itatu m'mbuyomo. Woyenera kusaina adali kumsonkhano kunyanja. Womutsatira adati alibe mphamvu. Magetsi adazima cha m'ma 7 koloko, laputopu idatsala ndi moto wochepa, ndipo mayi a kunyumba adayatsa kandulo n'kukhala pambali osayankhula, ngati tili pachipatala. Tidatenga galimoto ya mnansi wanga n'kupita pamalo ena ogona alendo pa boma pomwe pali jenereta. Kalatayo idafika pafoni nthawi itatsala pang'ono kukwana 11 koloko, chithunzi chopendekeka chojambulidwa pa tebulo la chakudya. Netiweki idakana katatu. Kachinayi zidalowa. Pobwerera kunyumba sadayankhule, adangogona pampando wakumbuyo ngati mwana wochokera kudambwe.

Patapita miyezi isanu adandiimbira. Sadapambane. Kalata yokana idali ya mizere inayi, yomuthokoza chifukwa cha chidwi chake.

Ndidakwiya kuposa mwiniwake. Koma nditakhala pansi ndidaona kuti mkwiyo wanga ukulunjika kolakwika. Anthu a kunjawo ndalama ndi zawo, ndipo ali ndi ufulu wofunsa funso lawo. Ali ndinso ufulu wotseka mpopi tsiku limene afuna. Tidaziona mu 2021 pamene dziko la Britain lidadula thandizo lake lakunja ndipo kafukufuku wambiri adaima pakati. Tidazionanso mu 2025 pamene boma la America lidaimitsa ntchito za USAID, ophunzira ndi ofufuza n'kungotsala manja ali m'khosi. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Nkhupakupa za kwa Mabulabo sizisowetsa tulo munthu wa ku London. Zimasowetsa tulo ife, amene ng'ombe ndi banki yathu, ndi malowolo a ana athu, ndi fizi, ndi ngolo yotutira chimanga.

Chondidabwitsa n'chakuti zipangizo zina tili nazo kale, zangomwazikana. Pafupi ndi Embangweni pali malo a boma a kafukufuku wa zaulimi a Mbawa, amene akhala akuyesa mbewu ndi ziweto kwa zaka zambiri. Ku Lilongwe kuli malo a African Union oona za nkhupakupa ndi matenda ake, kumene amapanga katemera wa matenda omwe aja adapha ng'ombe zanga. Alangizi a ziweto alipo, ngakhale ndi ochepa. Madibi amene makolo athu ankapitikitsirako ng'ombe m'mamawa akadalipo, ambiri ali ouma chisiyireni boma kuwayendetsa lokha m'zaka za m'ma 1990. Ndipo pafupi ndi boma pano pali malo amene mu 2015 padaikidwa mwala wa maziko wa yunivesite ya Mombera, imene pambuyo pake idapatsidwa dzina la Inkosi ya Makhosi M'mbelwa, ndipo tidauzidwa kuti idzatsogoza maphunziro a ziweto. Tonse tikuyembekezera tsiku limene idzatsegulidwe. Koma ndikamadutsa pamenepo ndimadzifunsa: aphunzitsi akadzabwera, ndalama yoti afikire kukhola la mphwanga idzachokera kuti? Kapena nawonso azidzagona pa laputopu kudikira siginecha, kupempha kwa anthu amene sadziwa kuti Luwerezi ili mbali iti?

Chitsanzo chakuti zingatheke mwanjira ina chili m'boma lathu lomwe lino, kumpoto. Ku Ekwendeni, mu 2000, ogwira ntchito pachipatala cha mishoni pamodzi ndi wofufuza wa ku Canada, Rachel Bezner Kerr, adayambitsa ntchito ya Soils, Food and Healthy Communities. Funso lidachokera m'wodi ya ana onyentchera, osati m'chilengezo. Alimi eniake adapanga gulu lofufuza, n'kumayesa m'minda mwawo kubzala nandolo, mtedza ndi soya mosakaniza, kukwirira mapesi, n'kumayerekeza zokolola. Ndalama zakunja zidabwera, inde, koma zidapeza funso lili kale pansi, ndipo ntchitoyo ikadalipo mpaka lero. Zotsatira zake zidasindikizidwa m'magazini a akatswiri, komanso zidabwerera kwa eni minda.

Mfundo yobwerera imeneyi ndiyo imandifikitsa kumudzi. Mwana uja asadabwerere kuntchito, ndidapita naye kwathu kuti akaone khola. Tidakapereka ulemu kwa mkulu wina wa m'mudzimo, bambo wa zaka zoposa 80 amene adakhalapo ndi ng'ombe zambiri kuposa wina aliyense kuderako. Atamva chimene tabwerera, adayankhula m'Chitumbuka chake chodekha, ndipo ndikumasulira: "Mama, inu ndinu achisanu ndi chimodzi kubwera ndi mapepala. Ena adafunsa za chimanga, ena za zimbudzi, ena adawerenga ana. Tidawapatsa mipando, tidawayankha zonse, mpaka nkhuku tidawaphera. Palibe ndi mmodzi yemwe adabwerako kudzatiuza chimene adapeza."

Mwana uja adagwetsa nkhope. Panjira adandiuza kuti m'mabajeti ambiri, ndalama yobwerera kumudzi kukanena zotsatira ndiyo imayamba kudulidwa zinthu zikathina, pamene ya msonkhano wa kuhotela imatsala. Ofufuza athu, apa pokha musaloze chala kunja. Limeneli ndi lanu.

Ndili ndi pempho kwa aphungu a kuno kummwera kwa Mzimba, ndi kwa khonsolo yathu ya M'mbelwa. Chaka chilichonse mumakambirana za milatho, zitsime ndi midadada ya sukulu, ndipo n'zofunika. Koma kafukufuku ngati uyu safuna mabiliyoni. Mtengo wake sungapose wa mlatho umodzi waung'ono. Kodi n'kosatheka kuti boma limene limadzitama ndi ng'ombe lipatule kangachepe, n'kuitana sukulu zathu zaukachenjede kuti zipikisane poyankha mafunso atatu amene alimi eniake asankha? Pa mwambo wa Umthetho ku Hora timasonkhana anthu zikwizikwi, ena ochokera ku Joni ndi matumba olemera. Timasonkha za nyama ndi zovala. Sindidamvepo tikusonkha zoti mwana wathu mmodzi wophunzira atiuze chimene chikupha ng'ombe zimene timavinira ingoma. Ndipo kwa akuluakulu a sukulu zaukachenjede, langa ndi laling'ono: pakhale munthu mmodzi amene ntchito yake ndi kuthandiza aphunzitsi kupeza zilengezo, kukonza bajeti ndi kusainitsa makalata nthawi isadathe. Kumene ofesi yotere ikugwira ntchito bwino, aphunzitsi ake amapambana kawirikawiri, ndipo sukulu imadyapo gawo lake lija.

Mwana uja sadasiye. Adatenga pulopozo yomweyo, adachotsamo mafoni ndi mkulu wa ku Ulaya uja, adabweza nkhupakupa pa tsamba loyamba, n'kukapikisana pa kathumba kakang'ono ka kuno kwathu. Mwezi watha adandiuza kuti wapata. Ndi yochepa kwambiri, sikwana madera onse asanu ndi limodzi amene ankafuna. Wasankha awiri, kwa Mabulabo ndi ku Champhira, ndipo m'malo mwa galimoto adzayenda pa njinga yamoto ya alangizi. Ophunzira ake awiri a chaka chomaliza ndiwo adzawerenge tiana ta nkhupakupa. Ndidamufunsa ngati mzere wobwerera kumudzi ulimo. Adati ulimo, ndipo adaulemba poyambirira kuti asadzauone ngati wotsalira.

Akubwera mvula ikagwa, nkhupakupa zikachuluka. Wanditumizira kale malangizo oti ndikapereke kwa mphwanga: asapopere mankhwala kwa milungu iwiri iye asadafike, asataye mabotolo akale a mankhwala ngakhale opanda kanthu, ndipo alembe tsiku lililonse limene adapopera chaka chino ngati akukumbukira. Mphwanga wadandaula kale kuti milungu iwiri ndi yambiri, ng'ombe zidzadyedwa. Ndamuuza kuti ikafa ina m'masiku amenewo ndidzalipira ine. Loweruka ndikukwera basi ya ku Jenda kukamusiyira timabotolo tija, ndi kukauza mkulu uja kuti mlendo wachisanu ndi chimodzi uja akubweranso.